Kansalu Kakuda ka Pamkono: Apolisi Achinsinsi m'Masewero a Zam'tsogolo

Madzulo a Lamulungu, pa 12 Disembala m'chaka cha 1954, wailesi yakanema ya BBC ku London idaonetsa sewero limene lidasowetsa tulo anthu ambiri a ku Mangalande. Sewerolo lidachokera m'buku la George Orwell lotchedwa Nineteen Eighty-Four, limene lidasindikizidwa mu 1949. Nigel Kneale ndiye adalisandutsa sewero, ndipo Peter Cushing adasewera ngati Winston Smith, kalaliki wa boma amene apolisi olonda maganizo a anthu adamgwira ndi kumzunza kufikira adakana mkazi amene ankamkonda. M'masiku amenewo masewero otere sankayamba ajambulidwa. Osewera ankachita zonse pomwepo, anthu alikuonera m'nyumba zawo. Kutacha, madandaulo adachuluka. Aphungu ena a Nyumba ya Malamulo adadzudzula BBC kuti ikuonetsa zankhanza pa tsiku lopembedza, pamene aphungu anzawo adaikira kumbuyo sewerolo. BBC sidagonje ayi. Lachinayi lotsatira osewera aja adabwereza sewero lonse.

Kuyambira nthawi imeneyo apolisi achinsinsi sadachokemonso m'masewero a mtundu umenewu, amene Angerezi amawatcha science fiction. Omvera ambiri, makamaka achikulire, sadawaone pa nthawi yake, pakuti kuno ku Malawi wailesi yakanema idayamba mu 1999, motero nkofunika kunena pang'ono za chikhalidwe chake. Amenewa ndi masewero a nkhani zopeka, zoikidwa m'zaka zam'tsogolo kapena kumaiko a kutali m'mlengalenga, kumene anthu amayenda pa zombo kuchoka ku nyenyezi ina kunka ku inzake. Munthu angaganize kuti zimenezi nzosangalatsa ana chabe. Koma monga nthano ya Kalulu ndi Njovu imatha kunenedwa pabwalo mfumu ili pomwepo, niimva zolakwa zake popanda wina kuitchula dzina, momwemonso wolemba akaika nkhani yake zaka 300 m'tsogolo amapeza ufulu wonena zimene sakadanena za boma la lero.

Chimene chimayamba kukopa maso a woonera ndi zipangizo: makina oona munthu ali kuchipinda, makina ofafaniza zimene munthu amakumbukira. Sewero la Blake's 7, limene Terry Nation adalembera BBC ndipo lidayamba mu Januwale 1978, lili nazo zimenezi zochuluka. Boma lake lotchedwa Federation linkathira mankhwala ofooketsa maganizo m'chakudya ndi m'madzi a nzika zake. Roj Blake, amene kale adali mtsogoleri wa otsutsa boma, adamchotsa chikumbumtima chonse cha masiku akewo; ndipo atayamba kukumbukiranso, akuluakulu adaona kuti kumupha kungamsandutse ngwazi, choncho adamsemera mlandu wonyansa wochimwira ana, madokotala ataika m'mitu ya anawo zinthu zimene sizidachitike. Komabe woonera wachidwi amaona china. Loya wa Blake, dzina lake Tel Varon, adatsala pang'ono kuulula bodza lonselo. Amene adampereka si makina ayi, koma kalaliki wa ku ofesi yosunga zikalata, amene adalandira chiphuphu, namuonetsa zimene ankafuna, ndipo Varon atangotuluka adatumiza mawu kwa achitetezo. Varon ndi mkazi wake adaphedwa, ndipo kudalamulidwa kuti imfa yawo ioneke ngati ngozi ya paulendo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Masewero abwino a mtundu umenewu, chinkana adzaze ndi makina odabwitsa, amabwerera ku mfundo imodzi yakuti apolisi achinsinsi paokha ndi anthu ochepa, ndipo mphamvu yawo amachita kubwereka kwa anthu wamba. Sewero limene lidalongosola zimenezi mofatsa koposa onse ndi la ku Amereka lotchedwa Babylon 5, limene J. Michael Straczynski adalemba ndipo lidaonetsedwa kuyambira mu 1994 kufikira mu 1998, m'zigawo 110.

Babylon 5 ndi dzina la mzinda woyandama m'mlengalenga, wotalika makilomita 8, wokhalamo anthu ndi zolengedwa za kumaiko ena zokwana 250,000, ndipo uli pansi pa boma la Dziko Lapansi. Nkhani yake imayamba m'chaka cha 2258. Kumapeto kwa chaka chimenecho chombo cha Pulezidenti Luis Santiago chidaphulika, ndipo wachiwiri wake, Morgan Clark, amene adatsika m'chombomo ulendo usadathe ponena kuti sadali kupeza bwino, adalowa pampando. Palibe chimene chidasintha tsiku lomwelo. Misika idapitirira, malipiro adabwera pa nthawi yake. Patapita miyezi kudamveka kuti boma lakhazikitsa Unduna wa Mtendere, ndipo nthumwi yake idafika pa Babylon 5 ndi mawu okoma, kudzaitana anthu odzipereka kuti alowe gulu lotchedwa Nightwatch, ndiye kuti alonda a usiku. Ntchito yawo, idatero nthumwiyo, ndi kukhala maso chabe, kuti mtendere usasokonezeke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mmodzi wa amene adalembetsa ndi Zack Allan, wapolisi wamba wa mumzindamo. Wolemba adachita mwanzeru posankha munthu ameneyu. Zack sadali wankhanza, sadali wokonda ndale, ndipo za Clark sadalabadireko. Adali munthu wansangala, wokhulupirika kwa mkulu wake, amene nthawi zonse ankadandaula kuti yunifomu yake simkwana bwino. Chidamkopa nchakuti olowa gululo ankalandira ndalama 50 za kumeneko pa sabata pamwamba pa malipiro awo, ndipo chofunika kwa iwo chidali kungovala kansalu kakuda pamkono. Iye adaona ngati ndalama yotola. Ndani angakane ndalama ya kungoyendayenda monga mwa masiku onse, kansalu kali pamkono?

Ngongole yake idadza pambuyo. Kudafika mkulu wina wa ku Undunako, Bambo Welles, amene adasonkhanitsa ovala kansalu onse. Sadakalipe. Adangodandaula mwaulemu kuti ena sakutumiza malipoti okwanira, nafotokoza kuti kuukira boma sikuyamba ndi mfuti koma ndi timawu tating'ono. Kenaka adatembenukira kwa Zack. Padali mwini sitolo wina amene adamveka akudandaula za malamulo atsopano a boma okhudza katundu wochokera kunja. Lipoti lidali litalembedwa kale ndi ena. Kwa Zack kudangofunika kuvomereza kuti zimenezi nzoona. Zack adayesa kuzemba, nanena kuti munthuyo ankangotulutsa zakukhosi monga achitira aliyense. Koma anzake onse adali chete alikumuyang'ana, ndipo funso lidali losavuta: kodi adanena mawuwo kapena sadanene? Zack adavomera. Posakhalitsa sitolo ija idatsekedwa, pachitseko padaikidwa chikwangwani cha mlandu woukira boma, ndipo mwini wake adatengedwa, Zack alikuona.

Nkoyenera kukhalitsa pa kachigawo kameneka, pakuti m'menemo muli kapangidwe konse ka msampha. Zack sadanene bodza. Sadagwire munthu, sadamenye munthu. Welles sadafune nkomwe kudziwa kanthu kwa iye, popeza zonse adali atazidziwa kale. Chimene adafuna nchakuti dzanja la Zack likhudzeko. Munthu amene wavomereza kamodzi amakhala ndi mlandu mumtima, ndipo kuti apeze tulo amayamba kudziuza kuti mwina wogwidwayo adalidi ndi cholakwa. Lipoti lachiwiri limakhala lopepuka kuposa loyamba. Ndiponso onse amene adaona sitolo yotsekedwayo adaphunzirapo kanthu popanda wowaphunzitsa. Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi, kunena munthu amene amachenjeza mnzake za choopsa chimene chikudza. Pansi pa Nightwatch mnansi amatsinabe khutu, koma khutu lake ndi la boma.

Chodabwitsa nchakuti boma la Clark lidali ndi njira ina yodziwira za mumtima mwa anthu. M'sewerolo muli anthu obadwa ndi mphatso yowerenga maganizo a anzawo, amene lamulo limawakakamiza kulowa bungwe lotchedwa Psi Corps, kapena kupita kundende, kapena kubayidwa mankhwala opha mphatsoyo moyo wawo wonse. Bungwelo lili ndi apolisi akeake ovala zakuda, monga Alfred Bester, munthu wolankhula mofatsa amene angatsegule mutu wa munthu monga atsegulira mtanga. Komabe boma lokhala ndi anthu otere lidafunabe Zack ndi ndalama zake 50. Wowerenga maganizo angapeze wolakwa mmodzi; koma kuti mzinda wonse uleke kukhulupirirana, pafunika kuti aliyense adziwe kuti wogulitsa naye pamsika, kapena wogwira naye ntchito, angakhale ndiye wolemba lipoti.

Zimenezi wolemba sadazilote ayi. Ku East Germany, apolisi achinsinsi otchedwa Stasi adali ndi antchito olembedwa pafupifupi 91,000 mu 1989, koma adalinso ndi anthu wamba oposa 170,000 oneneza anzawo mobisa, m'dziko la anthu pafupifupi 16 miliyoni. Boma limenelo litagwa, zikalata za Stasi zidatsegulidwa mu Januwale 1992 kuti munthu aliyense awerenge zimene zidalembedwa za iye. Mayi wina wodziwika wotsutsa boma, Vera Wollenberger, adazindikira kuti kazitape wotchedwa Donald, amene adamneneza kwa zaka zambiri, adali mwamuna wake wa m'nyumba. Za Gestapo ya nthawi ya Hitler, katswiri wa mbiri yakale Robert Gellately adafufuza zikalata zimene zidatsala ku Würzburg, napeza kuti apolisiwo adali ochepa, ndi kuti milandu yambiri inkayamba ndi anthu wamba odzaneneza anzawo mwa kufuna kwawo. Ndipo Straczynski sadaiwale za kwawo. M'chigawo china cha mu 1997, wailesi ya boma la Clark idaonetsa munthu wina alikuvomera mlandu ndi kutchula anzake, ndipo maina amene adatchula adali Trumbo, Mostel ndi Jarrico. Amenewa ndi maina a olemba ndi osewera enieni a mafilimu ku Amereka amene adamanidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950 powaganizira za chikomyunizimu. Dalton Trumbo adalowa ngakhale m'ndende mu 1950 chifukwa chokana kuyankha mafunso a komiti ya Nyumba ya Malamulo.

Nanga munthu akagwidwa, apolisi amenewa amafuna chiyani kwa iye? Anthu ambiri amaganiza kuti amafuna zinsinsi. Babylon 5 idayankha mwina. M'chaka chachinayi cha sewerolo mtsogoleri wa mzindawo, Kaputeni John Sheridan, adagwidwa, ndipo pafupifupi chigawo chonse chidachitikira m'chipinda chimodzi chopanda zenera. Womufunsa mafunso adali bambo wooneka ngati mlembi wa muofesi, wa chikwama ndi mapepala, amene adanena poyera kuti alibe naye chidani ndipo akungogwira ntchito. Adalowa nanena kuti ndi m'mawa. Adatuluka pang'ono, nabwera kudzanena kuti ndi masana, kuti Sheridan aphunzire kuti choona ndi chimene wanena mwini chipinda. Adamgawira chakudya chake chimene chidali ndi poizoni wodwalitsa, iye mwini atazolowera kudya pang'onopang'ono. Sadafunse za kumene kuli zombo za nkhondo. Adangofuna kuti Sheridan asaine chikalata chonena kuti adapotozedwa maganizo ndi alendo, ndi kuchiwerenga pamaso pa anthu. Sheridan adakana, ndipo adamtenga ngati akukamupha. Kumene adamfikitsa kudali chipinda china chonga choyamba chija, tebulo lomwelo, mpando womwewo, ndi munthu wina wa mapepala amene adayambanso mafunso pachiyambi. Chigawocho chidathera pomwepo.

Sewero la Star Trek: The Next Generation lidanenanso zomwezi mu 1992. Kaputeni Picard, ali m'manja mwa adani otchedwa Cardassian, adamuonetsa nyali zinayi namuuza kuti anene kuti nzisanu. Womuzunzayo tsiku lina adalowetsa kamwana kake kakakazi m'chipinda chomwecho, nacheza nako mwachikondi, wandende ali pambali. Picard adapulumuka asadagonje. Koma olemba sadamlole kutuluka ngati ngwazi yopanda banga: pambuyo pake adaulula kwa mlangizi wake kuti pa mphindi yomaliza adali wokonzeka kunena chilichonse, ndipo choopsa koposa nchakuti adayambadi kuona nyali zisanu.

Kufikira apa woonera angadzitonthoze kuti zimenezi nza maboma oipa. Sewero la Star Trek: Deep Space Nine, la zaka za 1993 kufikira 1999, lidamlanda chitonthozo chimenechi. Poyamba lidaonetsa apolisi achinsinsi a kwa adani: gulu la Obsidian Order la ku Cardassia, dziko limene chigamulo cha mlandu chimalengezedwa mlandu usadayambe kuzengedwa, ndipo ntchito ya loya ndi kuthandiza woimbidwa mlandu kuvomera mwaulemu. Koma mu 1998 olemba adatembenuza mkondo. Dokotala Julian Bashir, nzika ya chitaganya cha maiko aufulu chimene Star Trek idakhala ikuchitama kwa zaka zoposa 30, adatengedwa mobisa ndi munthu wotchedwa Luther Sloan, amene adamuuza kuti chitaganyacho nachonso chili ndi gulu lake lotchedwa Section 31. Gulu limeneli silipereka lipoti kwa munthu, silipempha chilolezo, ndipo limafufuza, kuweruza ndi kulanga lokha. Mfundo ya Sloan idali yakuti anthu abwino onga Bashir amagona tulo ndi manja oyera chifukwa pali ena amene amadetsa awo usiku.

Mfundo imeneyi njolemera, ndipo sewerolo silidaipeputse. Koma lidaonetsa kumene imafikitsa. Section 31 idapanga matenda oti athe mtundu wonse wa atsogoleri a adani, ndipo powafalitsa idadwalitsa mwadala Odo, mkulu wa apolisi wa mbali yawo yomwe, amene adali wa mtundu umenewo. Akuluakulu a chitaganya atamva, adanena kuti sagwirizana nazo, komabe adakana kupereka mankhwala kwa adaniwo. Mkulu wa asilikali wolemekezeka, Admiral Ross, adapezeka kuti adathandizana ndi Sloan pa chiwembu china, nadzikhululukira ponena kuti ndi nthawi ya nkhondo. Ndipo Bashir mwini wake, pofuna kupulumutsa Odo, adakola Sloan mumsampha namuika pa makina oletsedwa ofufuza m'bongo. Wodana ndi njira za Sloan adatsiriza ndi kugwiritsa ntchito njira za Sloan. Nzomvetsa chisoni kuti masewero ena a pambuyo pake, makamaka filimu ya mu 2025 yotchedwa Star Trek: Section 31, adasandutsa gulu limeneli kukhala la anyamata ndi atsikana ochenjera ochita zosangalatsa, funso limene olemba oyamba adafunsa lidatayika m'phokoso la mfuti.

Tsono nkhani ya Zack Allan idatha bwanji? M'chaka cha 2260 umboni udatuluka wakuti Clark adali m'chiwembu chopha Santiago. Clark adayankha mwa kulengeza ulamuliro wa asilikali ndi kubalalitsa Nyumba ya Malamulo, ndipo kudabwera lamulo lakuti chitetezo chonse cha pa Babylon 5 chiperekedwe kwa Nightwatch. Apolisi a mumzindamo adauzidwa kuti asankhe: kuvala kansalu kapena kutula zida ndi kusiya ntchito. Ena adatula, ambiri adavala. Mkulu wawo, Michael Garibaldi, adapita kukawadzudzula mmodzimmodzi, kuwakumbutsa zimene adawachitira, koma adamtulutsa.

Chimene chidapulumutsa mzindawo poyamba chidali chinthu chouma cha m'malamulo. Sheridan adazindikira kuti lamulo lija lidachokera ku ofesi ya ndale, osadzera mwa akuluakulu a asilikali amene ali ndi mphamvu yomlamula, motero lidali losayenera kulimvera kufikira litatsimikizidwa. Koma lamulo lolembedwa silingamange anthu onyamula mfuti. Padafunika munthu wa m'kati amene a Nightwatch angamkhulupirire, ndipo munthuyo adali Zack. Iye adapita kwa mtsogoleri wa gululo nakamtsina khutu kuti usiku umenewo kukufika chombo chodzaza ndi alendo a mtundu wa Narn amene Sheridan waitana kuti adzawalande ntchito. Kunali kuneneza kwenikweni, konga kumene adamphunzitsa, ndipo adamuyamikira kwambiri. A Nightwatch onse adathamangira kudoko ndi zida zawo kukadikira chombocho. Atalowa onse, zitseko zachitsulo zidayamba kutsika, ndipo Zack adadumphira kunja chitseko chili pafupi kutsekeka. Chombo kudalibe. Adadzuka pansi, nachotsa kansalu kaja pamkono.

Ku Dziko Lapansi Nightwatch idapitirira kugwira anthu kwa chaka china ndi miyezi, ndipo padachita kufunika nkhondo ya pachiweniweni kuti ithe. Clark adadziombera muofesi mwake kumapeto kwa 2261, pamene ankadza kudzamgwira. Pofika nthawi imeneyo Garibaldi adali atatula pansi udindo wake, ndipo amene adaikidwa kukhala mkulu wa apolisi a pa Babylon 5, wosunga makiyi a zitolokosi zonse za mumzindamo, adali Zack Allan.